Agogo NyaSoko apisa dzanja m'chikwama cha mdzukulu

M'nyumba zambiri za kumwera kwa Mzimba mankhwala amalowa pa makomo atatu. Ena amachokera kuchipatala, ena kutchire, ndipo ena amatsika m'basi ya ku Joni pamodzi ndi mabulangete ndi mawailesi, pakuti kuno mudzi wopanda mwana ku Johannesburg kapena ku Cape Town ngwosowa. Agogo NyaSoko, a m'mudzi wina kufupi ndi Edingeni, makomo atatuwa amawadziwa bwino. Khomo lina analitulukira mu Ogasiti, sabata yomwe anthu ankabwerera kuchokera ku Umthetho kuphiri la Hora, pomwe mdzukulu wawo NyaTembo, wa chaka chachiwiri pa koleji ina ku Lilongwe, ankalongedza zobwerera kusukulu.

Awiriwa amacheza modabwitsa alendo. Agogo amayankhula Chitumbuka, mtsikana amayankha Chichewa cha m'tauni, ndipo amamvana bwinobwino, makamaka akamakangana. Tsikulo agogo ankangofuna mpata woika nyemba ndi ufa, koma dzanja lawo linatuluka ndi kajumbo kolira tcheketcheke.

"Mkazi mnzanga, tabwera kuno. Bambo ako akukhetsa thukuta ku Joni kuti uphunzire, kapena kuti utsegule chipatala?"

"Agogo, m'chikwama cha munthu sapisamo dzanja."

"Cha munthu, inde. Ichi n'cha mdzukulu."

Anakhuthulira zonse m'lichero pakhonde, n'kuyamba kusankha: oyera uku, achikasu uku, makapisozi ofiira mutu uku. Panalibe bokosi kapena kapepala ka dokotala, ndipo ambiri anali atasomoledwa kale m'mapaketi mwake.

"Awa dzina lawo ndani?"

"Amoxicillin, ndikuganiza."

"Ukuganiza. Anakupatsa ndani?"

"Mnzanga wa m'chipinda. Amadziwa za mankhwala."

"Akuphunzira unamwino?"

NyaTembo anayang'ana nkhuku zomwe zinkadutsa pabwalo. "Za akaunti."

"Eya, ndiye kuwerenga mapilitsi amatha. Wani, thu, fili, imwa."

Aliyense amene anagonako mu hositelo ya atsikana akumudziwa dokotala ameneyu. Ali ndi katini ka mabisiketi kodzaza zotsala za matenda a anthu ena, ndipo sabweza munthu. Chimfine, makapisozi awiri. M'mimba, makapisozi awiri. Chibwenzi chatha, makapisozi awiri ndi tiyi. Chovuta n'chakuti amoxicillin ndi anzake monga Bactrim amalimbana ndi mabakiteriya, pomwe chimfine chimadza ndi mavairasi, amene mankhwalawa sawakhudza n'komwe. Womwa makapisozi awiri n'kusiya sachiza kanthu, amangophunzitsa tizilombo ta m'thupi mwake kupirira, kotero kuti tsiku lodzadwala chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, mankhwala omwewo amadzakanika. Mtsikana amalipiranso msonkho wina: mankhwala amtunduwu amapha ndi tizilombo tabwino totchinjiriza kumalo obisika, ndipo pakapita masiku kuyabwa kumayamba.

"Amenewo ndi mauka," anagamula agogo, mdzukulu atavomera chapansipansi kuti zinamuchitikirapo. "Kale tikanadula ndi lumo, kuthira mankhwala, nkhani yatha."

"Lumo limodzi mudzi wonse! Agogo, kuyabwa kuli mitundumitundu. Kwina n'kwa mafangasi, kwina n'kwa matenda opatsirana pogonana, ndipo mankhwala ake ngosiyana. Pamafunika akuone a kuchipatala."

"Wayankhula bwino, mama. Ndiye iwe anakuona ndani?"

"Wa akaunti uja."

Kenako diso la agogo linagwera pa paketi yomwe ankaidziwa. Sukulu sanapite nayo patali, koma akhala gadiyani kangapo konse pachipatala cha Embangweni, pa mishoni ya Loudon yomwe Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902. Anadikirirapo amuna awo, apongozi, ana ndi adzukulu, ndipo kukhitchini ya magadiyani munthu amatola nzeru zambiri kuposa momwe madokotala amaganizira.

"Uyu ndi LA. Bwanji atsala 12?"

"Ndinachira tsiku lachiwiri. Ndasungira ulendo wina."

"Anakubaya chala?"

"Ndinangomva m'thupi kuti ndi malungo. Mutu, kuphwanya, kuzizidwa."

"Khala pansi, mayi wa digiri, ndikuphunzitse mbiri."

Mbiri yawo inali yolondola. Iwo anakulira pa kolokwini, wowawa uja, woyabwitsa thupi usiku wonse. Anthu ankamugula pagolosale, kumwa pang'ono, thupi likapepuka n'kusiya. Kachilombo ka malungo kanafika pomuzolowera, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansida. Fansida nayenso anafooka, ndipo mu 2007 kunabwera LA.

"Kolokwini ndinamuika m'manda, Fansida ndinamuika m'manda. Wachitatuyu ukufuna amwalire m'manja mwako?"

"Fansida sanafe, agogo. Amayi oyembekezera amamwabe kusikelo."

"Ndiye anapuma pantchito. N'chimodzimodzi."

Munthu wamkulu amamwa mapilitsi 4 a LA kawiri pa tsiku kwa masiku 3, onse pamodzi 24, ndipo amagwira bwino akamwedwa ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono. Kupepuka kwa thupi tsiku lachiwiri sikutanthauza kuti tizilombo tatha. Kuyezetsa pachala kumatenga mphindi ngati 20 zokha, ndipo kumateteza ku ngozi ina yomwe anthu ambiri saiganizira: kutentha thupi ndi mutu kungakhale taifodi, matenda a impso kapena china, ndiye womwa LA mongoganizira amataya masiku atatu akuthamangitsa matenda omwe alibe, pomwe enieniwo akukula.

"Nanga neti unapita nayo ija?"

"Imaipitsa chipinda, agogo. Anzanga amandiseka. Kodi yanu ili kuti?"

Agogo anayamba kukonza mpango kumutu. Kuseri kwa khola, neti yobiriwira inali itazinga mbande za tomato kuti nkhuku zisajompe.

"Imeneyo inabooka."

"Inabooka isanapite kudimba, kapena itafika?"

Apa mtsikana anaona kuti mphepo yatembenuka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini cha pansi pa bedi la agogo. Munali timapepala ta ufa wa Grand-Pa tomwe bambo ake amatumiza, Panado wa pagolosale, makungwa a muwawani, botolo la Sobo lodzaza madzi akuda, ndi mapilitsi a BP ochokera kuchipatala cha pa boma, osakhudzidwa chiyambire Juni.

"A BP awa bwanji ali odzaza?"

"BP inatsika."

"Inatsika chifukwa munkamwa. Si inu mwangondiphunzitsa za LA?"

"Za LA ndi za ana. Izi ndi za akuluakulu."

Maondo akawawa, agogo ankamwa Panado awiri, kenako kapepala ka Grand-Pa, poganiza kuti mankhwala a ku Joni ndi a kuno sadziwana. Koma mu Grand-Pa muli aspirin, caffeine ndi paracetamol, yemweyo ali mu Panado ndi m'mankhwala ambiri a chimfine. Malire a munthu wamkulu ndi mapilitsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, awiriawiri, motalikanitsa maola osachepera 4. Kupyola apo chiwindi chimaonongeka mwakachetechete, ndipo zizindikiro zimadzaoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Msampha umenewu sukola okalamba okha. Nthawi ya mayeso, mtsikana wosagona usiku amamwa wa mutu, wa chimfine ndi wa msambo tsiku limodzi, osadziwa kuti akumwa chinthu chimodzi chovala mayina atatu.

NyaTembo ananyamula botolo lija n'kuliyang'ana padzuwa. "Awa mlingo wake ndi wotani?"

"Kapu imodzi."

"Kapu iti, ya tiyi kapena yaikulu ija ya chindongwa?"

"Zimatengera kuti matenda akula bwanji."

"Si inu munakwera lole mu 1995 kupita kwa Chisupe?"

M'chaka chimenecho Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga analengeza kuti waonetsedwa kumaloto mtengo wochiza Edzi, ndipo anthu miyandamiyanda ochokera m'zigawo zonse anakhamukira kwawo kukamwa mchape.

"Ndinangoperekeza anthu."

"Munamwa?"

"Munthu achoke ku Mzimba mpaka ku Machinga, abwereko kukamwa kuli gwa?" Agogo anaseka, kenako kuseka kunazilala. "Amene tinawaperekezawo sanachedwe. Akanadikira 2004, ma ARV aulere atayamba, bwenzi lero tikulima nawo."

Pamenepa mdzukulu anapambana, koma asanyade kwambiri. Mitengo si yopanda pake. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, ndipo LA yemweyo gwero lake ndi chitsamba cha ku China, chomwe chinapezetsa Tu Youyou mphoto ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewa anayezedwa, mlingo wake ukudziwika, ndipo zoipa zake zinalembedwa. Botolo la agogo lilibe mlingo, ndipo kajumbo ka mdzukulu, kopanda dzina ndi tsiku lothera mphamvu, n'chimodzimodzi. Onse awiri amamwa mwa chikhulupiriro, wina mwa sing'anga, wina mwa wa akaunti.

Agogo sanagonje nthawi yaitali. Anatola kakapisozi kena m'lichero.

"Aka n'ka chiyani?"

"Cham'mimba, ndikakhala kumwezi. Ndi Indosidi."

"Indosidi! Yemwe uja timathira mu usipa kuphera makoswe m'nkhokwe? Chiuta wane, mdzukulu wanga akudya chakudya cha makoswe!"

Zoti anthu m'Malawi muno amaphera makoswe ndi Indocid n'zoona. Ndi mankhwala enieni a ululu, koma ngaukali m'chifu, ndipo kumwa kawirikawiri m'mimba muli mbee kumadzetsa zilonda zotha kutuluka magazi. Pa ululu wa msambo achipatala amakonda kupereka ibuprofen, yemwe ambiri amati Brufen, womwa utadya, ndipo wa zilonda za m'mimba sayenera kumukhudza. Aspirin amatha kuonjezera kutaya magazi. Ululu wogoneka munthu pansi mwezi ndi mwezi mpaka kujomba m'kalasi, kapena msambo wochuluka mopitirira, si zopirira ayi, n'zokaonetsa. Mtsikana wotaya magazi ambiri, wodya chipisi ndi tiyi sabata yonse chifukwa ndalama yachepa, magazi amamuchepera, ndiye amadabwa kuti chizungulire chachokera kuti. Agogo anati amwe chidede ndi madzi a masamba a mapeyala. Mdzukulu anati zimenezo sizilowa m'malo mwa mapilitsi a ayironi, ndipo chothandiza ndi nyemba, usipa, chiwindi ndi bonongwe, osatsirira tiyi pomwepo chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi.

"Ndiye nyemba zanga ukuzikaniranji?"

"Zimalemera, agogo."

"Kajumbo aka katuluka, malo apezeka."

Pansi penipeni pa chikwama panali kabotolo ka mafuta kolembedwa Chifalansa. Agogo sanafunse kanthu. Anagwira chibwano cha mtsikana, kuchitembenuzira kudzuwa, kenako anagwira zala zake n'kuyang'ana mfundo zakuda.

"Ndimati kapena ndi madzi a ku Lilongwe. Unachoka pano uli mwana wa kwa Tembo, wabwera nkhope ya Fanta, miyendo ya Coke. Mwamuna akadzakulowola, ng'ombe tidzalandira za nkhope kapena za miyendo?"

"Ndi ongosalalitsa khungu, agogo."

"Asalalitsa mpaka mtundu wachoka."

Mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a gulu la ma steroid, ndipo nthawi zambiri pabotolo salembapo. Steroid amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu ndi mizere yosafufutika. Hydroquinone akapakidwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa, ndipo mercury amaononga impso ndi mitsempha, n'kufikanso kwa mwana ali m'mimba. Ku South Africa komwe ambiri a kuno amaoda katundu, hydroquinone analetsedwa m'zodzoladzola mu 1990. M'gulu lomweli muli mapilitsi okulitsa mbina ogulitsidwa pa WhatsApp. Ena ndi cyproheptadine, wa ziwengo, amene amadzetsa njala ndi tulo tosaneneka. Ena ndi dexamethasone, amene amatupitsa nkhope, kukweza shuga ndi kufooketsa chitetezo cha thupi. Palibe pilitsi lomwe limadziwa njira ya kumbina.

"Mbina ya kwathu imabwera yokha ukabereka," anatero agogo. "Ukaifulumiza udzasowa pokhala m'minibasi."

M'mawa mwake anakwera Sienta kupita pa boma kukatenga ndalama yomwe bambo a NyaTembo anatumiza pa Mukuru. Chapafupi ndi depoti, mnyamata wina anali atayala mapilitsi pa thumba, dzuwa likuwaomba, akuitanira kuti ali ndi a mutu, a msana, a mphamvu za abambo ndi a mimba yosafuna. Agogo anaima.

"Mwana wanga, unaphunzira kuti za mankhwala?"

"Zaka 6 ndili pano, gogo."

"Wamva, NyaTembo? Uyu wakuposa, ali chaka chachisanu ndi chimodzi."

Lamulo la 2019 lomwe linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limafuna kuti wogulitsa mankhwala otere akhale ndi chiphaso. A pathumba amakhala otha mphamvu, ofooka ndi dzuwa, achinyengo, kapena obedwa m'zipatala za boma, ndipo apolisi agwirapo mavenda ambiri ndi katundu wotereyu. Wogula pa famase yovomerezeka amalandira mankhwala ali m'paketi mwake, dzina ndi tsiku lothera mphamvu zikuoneka, ndipo ali ndi womufunsa.

Atalandira ndalama anakhala pansi pa mtengo akudya nthochi, ndipo agogo anafunsa mokweza, ngati akufunsa mtengo wa feteleza:

"Uli naye mwamuna?"

"Agogo! Tili pagulu."

"Ndabereka ana 9. Pagulu ndi pati? Ukudziteteza ndi chiyani?"

"Inu munkadziteteza ndi chiyani?"

"Chingwe cha m'chiuno. Sing'anga anamanga mfundo zitatu, akuti zaka zitatu osaima. Bambo ako anabadwa chingwe chili m'chiuno, mfundo zonse zili bwinobwino."

Ataseka mpaka misozi, NyaTembo anafotokoza zomwe zilipo lero, zaulere m'zipatala za boma: mapilitsi a tsiku ndi tsiku, jakisoni wa Depo wa miyezi 3, Sayana Press yemwe mkazi amaphunzitsidwa kudzibaya yekha, Implanon wa pamkono wa zaka 3, Jadelle wa zaka 5, ndi lupu. Pa zonsezi palibe yotchinga HIV, chindoko kapena chinzonono; imeneyo ndi ntchito ya kondomu. Ndipo amene akumwa rifampicin wa TB kapena mankhwala ena a khunyu ayenera kuuza namwino, chifukwa amenewa amafooketsa mapilitsi olera ndi za pamkono.

Agogo anapukusa mutu. "Mtsikana wosabereka akabayitsa, chiberekero chimauma. Tonse timadziwa."

"Sichiuma. Ukasiya Depo pamatha miyezi ingapo usanatenge mimba, koma umatenga. Chomwe chimatseka njira ndi chinzonono chosachizidwa bwino, ndi kuchotsa mimba kuseri."

Apa panalibe woseka. Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, ndipo amayi ambiri mwa amenewa anakumana ndi zovuta zofunika chipatala. Malamulo a dziko lino amalola kuchotsa mimba pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, ndiye mtsikana wamantha amathamangira kwa mnyamata wa pathumba, kwa sing'anga, ku sopo wa Surf kapena ku kamtengo ka chinangwa. Amene wayamba kutaya magazi, kutentha thupi kapena kutuluka zonunkha asabisale m'chipinda poopa mafunso. Zipatala zimapereka chithandizo kwa wotere, ndipo kuchedwa ndi komwe kumapha.

"Agogo anga a ku Luwerezi ankati mtsikana wabwino sayenda usiku," anatero agogo patapita kanthawi.

"Laibulale imatseka usiku, agogo. Timayenda awiriawiri kapena atatu, ndipo wina amadziwa komwe ndili. Kuphwando botolo ndimatsegula ndekha, ndipo ndikalisiya patebulo sindilibwereranso. Anthu amathiramo mankhwala ogonetsa."

"Zimenezo mwaphunzira ku koleji? Kuno wopereka mowa amayamba walawa yekha, anthu akuona. Tinayamba kalekale."

"Chomwe simunayambe ndi ichi: maola 72."

Nambala imeneyi mtsikana aliyense aisunge pamtima. Wogwiriridwa, kapena amene kondomu yamuphulikira ndi munthu wosadziwa momwe magazi ake alili, ali ndi maola 72 oyambira PEP, mankhwala omwa masiku 28 otchinga HIV, ndipo kufulumira n'kofunika kuposa china chilichonse. Mapilitsi olera a pangozi nawonso amagwira bwino akamwedwa msanga, malire ake ndi masiku 5, ndipo sateteza ku matenda. Wogwiriridwa ndi bwino afike kuchipatala asanasambe ndi kuchapa zovala ngati angathe, koma ngakhale atasamba apitebe. Zipatala zikuluzikulu monga Mzuzu Central, Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth zili ndi malo a Chikwanekwane, komwe wachipatala, wapolisi ndi waupangiri amapezeka pakhomo limodzi, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

"Nanga zidyamakanda za magalimoto zija? Ndi aphunzitsi oti bwera kuofesi madzulo tikambirane za malikisi ako?"

"Aliko."

"Chibonga cha agogo ako aamuna chili kudenga. Chilowa m'chikwama."

"Andimanga ine, agogo. Pali Gender Equality Act ya 2013. Wovutitsa mkazi pa zachiwerewere atha kukhala kundende zaka 5. Ndimasunga mauthenga ake a pafoni, kuofesi ndimapita ndi mnzanga, ndipo ndikudziwa kokadandaula."

"Chabwino. Koma chibonga sichifuna mboni."

Popeza anali kale pa boma, mtsikana anakokera agogo kuchipatala cha Mzimba kuti akayezetse BP, yomwe inapezeka kuti sinatsike n'komwe. Ali pamzere, agogo analoza chithunzi cha pakhoma cha khansa ya khomo la chiberekero, n'kunong'oneza kuti amayi a kumpingo akuti kumeneko amathira viniga.

"Viniga weniweni, wa pachipisi uja? Atithira mchere liti?"

Amayi a kumpingo sananame. Namwino amapaka viniga wosungunula pa khomo la chiberekero, ndipo malo omwe ayamba kusintha amayera, n'kuthandizidwa asanasanduke khansa. Malawi lili m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV kopatsirana pogonana, ndipo imatenga zaka zambiri isanaonekere, kotero kachilombo kotengedwa pa koleji kangadzavutitse munthu ali mayi wa ana atatu. Kuyezetsa kumalimbikitsidwa kwa amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi. Katemera wa HPV anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, n'kufalikira dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Katemerayu anamuphonya NyaTembo chifukwa anali atakula kale, koma mng'ono wake wa ku pulayimale ndi woyenera, ndipo agogo ndi amene anamubisa m'nyumba tsiku la katemera, atamva kuti ngwotseketsa kubereka.

"Ndiye wina mwamubisa katemera, ine mukundilanda kajumbo. Mbali yanu ndi iti?"

"Mbali yanga ndi ya zidzukulutudzi. Ndikufuna ndizione."

"Mukazifuna mupite naye mwanayo. Katemera satseka chiberekero, khansa ndiyo imachichotsa."

Agogo anati akaganiza, zomwe kwa iwo ndi kuvomera.

Pobwerera kudepoti mtsikana anadziteteza komaliza, ndipo wolemba uno ali kumbali yake. Anati palibe amene amakonda mapilitsi a m'katini. Kachipatala ka pa koleji kamatseka madzulo ndipo Loweruka sikatsegula, pomwe matenda sadziwa kalendala. Kuchipatala cha boma umataya tsiku la makalasi pamzere, n'kumva kuti mankhwala atha, kagule. Ukafunsa za kulera kapena PEP, pena umakumana ndi namwino wokufunsa mokweza kuti bambo ako akudziwa zimenezi, anthu onse pabenchi akumva. Dokotala wa mu hositelo safunsa, satseka, ndipo sachititsa manyazi. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamulamula kuti buku la kuchipatala lizikhala m'chikwama momwe munali kajumbo, ndi kuti asunge mufoni nambala yomwe mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo anawapatsa: 54747, Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chimayankha dziko lonse.

"Inu muli nayo?"

"Ili pakhoma, ndinalembetsa ndi khala. Ndikaimba ndimawauza kuti ayankhule Chitumbuka."

Akuluakulu a makoleji, kuyambira Mzuni, Loudon ndi Ekwendeni mpaka Bunda, Zomba ndi Blantyre, aonetsetse kuti pa sukulu pali namwino wopezeka usiku ndi kumapeto kwa sabata, wokhala ndi zoyezera malungo, makondomu, mapilitsi a pangozi ndi njira yofikitsira mtsikana ku PEP maola 72 asanathe. Ndipo inu anamwino, mtsikana wa pa koleji akabwera kudzafunsa za kulera, tsekani chitseko ndi kutsitsa mawu.